Zimene Sindinalembe

Tinakumana Loweruka m'kalasi ya giredi faifi ku Mchini,
mawondo athu akugunda madesiki a ana.
Tinalipo asanu. Wachisanu ndi chimodzi anapepesa,
njinga yake inaphulika tayala pa Lunkhwakwa.
Ine ndine mlembi. Ndinalemba: chiwerengero chakwana.

A Gelesomu Njobvu, wapampando, anapemphera mwachidule
ngati munthu wodziwa kuti Mulungu waimva kale nkhaniyi.
Kenako Mayi Lekesina Thole, msungichuma,
amene masiku ena onse amagulitsa zitenje ku Kapata
ndipo sanatayepo ngwee chibadwire,
anayala malisiti limodzilimodzi
monga amayalira nsalu pamaso pa wogula wokayika.
Mafuta a lole ya ku Katete, lisiti lilipo.
Penti wa zikwangwani, lilipo.
Mabanzi a ana a sewero, lilipo.
Makwacha zikwi zinayi ndi mazana awiri: palibe.

Yotamu Soko anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.
Ndiye anayambitsa gulu la zisudzoli pansi pa mtengo wa mango
zaka khumi ndi zinayi zapitazo,
ndi ng'oma yobwereka ndi ana opanda nsapato.
Tonsefe anatiitana ndi iyeyo: bwerani mudzandiyang'anire,
othandiza akufuna bungwe, malamulo, chidindo.
Tinabwera. Lero tikumuyang'aniradi.

Ndinagula bokosi, anatero.
Palibe anafunsa kuti la yani.
Tisauke, namwino waukali wa m'sewero la kolera,
amene ankaseketsa msika wonse wa Chadiza
mpaka amayi kuiwala tomato wawo padzuwa,
anagona masiku awiri m'mochale
abale ake akuwerenga ndalama zosakwana.
Kalipentala wa ku Nabvutika salemba lisiti usiku.

Ndinalemba: nkhani inakambidwa.
Sindinalembe kuti a Njobvu anavula magalasi
n'kuwapukuta nthawi yaitali, chonsecho anali oyera.
Sindinalembe kuti tonsefe tinaponya dothi pabokosilo
osafunsa kuti lagulidwa ndi chiyani.

Mayi Thole analankhula, mawu ali pansi:
Ndalama ija inali ya ulendo wa ku Vubwi.
Ana a kumeneko akudikirabe.
Ukanandigogodera, Yotamu, tulo tanga n'topepuka,
ndikanazungulira ndi mbale mumsika monse.
Lero wagula bokosi, tonse tikuti zikomo.
Mawa wina adzagula malata a nyumba yake,
adzati nayenso unali mtima.

Tinavota. Manja anayi m'mwamba.
Dzanja lachisanu linali langa, linagwira cholembera,
ndiye ndinalikweza mochedwa.
Koma ndinalikweza.

Chigamulo: a Soko asasainenso cheke.
Ndalama ibwezedwe mvula isanagwe.
Othandiza auzidwe zoona, m'kalata, sabata ino.
Pakhale thumba la maliro, lapadera, lokhala ndi buku lakelake.

Yotamu, amene pasiteji amagwetsa misozi nthawi iliyonse akafuna,
sanalire.
Anatulutsa chidindo m'thumba la jekete,
anachiika padesiki
pambali pa dzina la mwana wina lozokotedwa ndi msomali,
n'kufunsa ngati n'kololedwa kuti Lachiwiri
apitirize kuyeserera ndi ana.
A Njobvu anati: nanga angachite ndani?

Tinatseka msonkhano dzuwa litatsamira phiri la Kanjala.
Panja, pafupi ndi mpopi wouma,
Mayi Thole anamasula mfundo imene sinali pandondomeko,
mfundo ya pakona ya chitenje chawo.
Makwacha mazana atatu, phindu la sabata yonse,
anamufumbatitsa Yotamu osamuyang'ana kumaso.
Iye anaziyang'ana ndalamazo, anayang'ana mayiwo,
n'kuzibweza m'dzanja lomwelo:
msungichuma, nayi gawo loyamba la ngongole yanga.

Mayi Thole anatsamiritsa kabuku pabondo,
analemba tsiku, dzina, kuchuluka kwake,
anang'amba lisiti mosamala, n'kumupatsa.
Kenako anatembenukira kwa ine:
Mlembi, msonkhano unatha kale.
Tseka bukulo.